Billy Meredith: mnyamata wa ku mgodi amene anamwetsa City ndi United chikho choyamba cha FA

Masapota a Manchester City ndi Manchester United amakangana pa chilichonse, kuyambira mtundu wa jezi mpaka timu yoyenera kutchedwa mwini mzinda. Koma pali munthu m'modzi amene mbali zonse ziwiri zimati ngwawo, ndipo palibe mbali imene ikunama. Dzina lake ndi Billy Meredith, wosewera wa ku Wales amene anamwalira mu 1958. Chikho cha FA choyamba chimene City inapata, iye ndiye anagoletsa chigoli chake. Ligi yoyamba ya United ndi chikho chake choyamba cha FA, iye anali m'bwalo. Ulendo wochoka ku timu ina kupita ku inzake sunali wa ulemu ayi, unadzera pa mlandu wa ziphuphu.

Meredith anabadwa pa 30 July 1874 ku Chirk, tawuni yaing'ono ya migodi ya malasha pafupi ndi malire a Wales ndi England. Ali ndi zaka 12 anali atayamba kale ntchito ku mgodi wa Black Park, kuyendetsa timahatchi tokoka malasha pansi pa nthaka. Ana ambiri a ku Chirk moyo wawo unali womwewo, kusiyana kwake kunali kwakuti tawuniyi inkakonda mpira modabwitsa ndipo inatulutsa osewera ambiri a timu ya dziko la Wales. Mbale wake Sam nayenso anadzasewerera Wales. Billy anayambira ku timu ya kwawo ya Chirk, komwe anapata chikho cha Wales mu 1894, ndipo anasewerako pang'ono ku Northwich Victoria.

Chaka chomwecho cha 1894 Manchester City, imene inali itangosintha dzina kuchoka pa Ardwick, inamutenga. Poyamba sanasiye ntchito ya ku mgodi. Ankakumba malasha mkati mwa sabata, Loweruka n'kukwera sitima kukasewera mpira. Kwa munthu woleredwa m'banja lopemphera la Methodist, mpira sunkaoneka ngati ntchito yoti mwamuna n'kudalira. Patapita kanthawi ndi pomwe anavomera kuti mpirawo ukhale ntchito yake yeniyeni.

Ankasewera kutsogolo, mbali ya kumanja. Anali wowonda, wa ndevu za pamlomo, ndipo luso lake linali kuthamanga ndi mpira m'mphepete mwa mzere, kudya njomba otchinga kumbuyo, kenaka n'kuponya mpira pamutu pa mnzake wa pakati. Pakamwa pake sipankasowa kamtengo kotokosera m'mano. Akuti poyamba ankatafuna fodya monga ankachitira anthu a ku mgodi, koma ochapa yunifomu anadandaula ndi madontho, ndiye anasinthira ku kamtengoko. Ojambula zithunzi zoseketsa m'nyuzipepala anakagwiritsa ntchito kwambiri moti munthu ankatha kumuzindikira Meredith pongoona kamtengo. Mowa sankamwa.

Ali kaputeni, City inapambana ligi yachiwiri mu 1899 ndi 1903. Kenaka panabwera April 1904, ndime yotsiriza ya chikho cha FA pa bwalo la Crystal Palace ku London, pamaso pa anthu oposa 60,000 kuphatikizapo nduna yaikulu ya Britain, Arthur Balfour. City inagonjetsa Bolton Wanderers 1-0, chigoli cha Meredith. A Bolton anadandaula kuti anali pa ofusayidi, koma chikho chinapita ku Manchester, koyamba m'mbiri ya mzindawo kuti timu ibweretse chikho chachikulu. Pa zaka 29, Meredith anali wosewera wotchuka kuposa aliyense m'dzikomo.

Kuti timvetse chimene chinamugwetsa chaka chotsatira, tiyenera kudziwa lamulo limodzi. Kuyambira 1901, akuluakulu a mpira ku England anakhazikitsa kuti wosewera asalandire ndalama zoposa mapaundi 4 pa sabata, kaya ndi katswiri chotani, kaya pageti palowa anthu angati. Mabonasi opambana masewero analetsedwanso. Eni matimu ankati akuteteza matimu ang'onoang'ono kuti asamezedwe ndi olemera. Zoona zake, matimu ofuna zikho ankalipira osewera awo ndalama zapadera mwamseri, ndipo aliyense mu mpira ankadziwa. Lamulolo linkangochititsa kuti wosewera alandire thukuta lake ngati wakuba.

Pa sewero lomaliza la ligi mu April 1905, City inapita ku Aston Villa ikufuna chipambano kuti ikhalebe ndi mwayi wotenga ligi. Inagonja 3-2, ligi inapita ku Newcastle United, ndipo m'bwalomo munali zibakera. Bungwe la FA litayamba kufufuza za ndewuyo, linatulukira nkhani ina. Wosewera wa Villa, Alex Leake, anaulula kuti Meredith anamulonjeza mapaundi 10 kuti Villa igonje dala. Meredith anakana, koma FA inamuletsa kusewera mpaka April 1906.

Apa ndi pamene nkhaniyo inafika pokoma. Meredith ankayembekezera kuti City imusamala pa nthawi ya chiletsocho, chifukwa zonse ankachitira timu. City, poopa FA imene inali itayamba kale kusuzumira m'mabuku ake, inakana kumulipira. Iye anapitiriza kufika ku bwalo la Hyde Road kukafunsa ndalama zake, mpaka akuluakulu a timuyo anakamuneneza ku FA. Ataona kuti amutaya, anayamba kuyankhula. Anavomera kuti anayankhuladi ndi Leake, koma anati anatumidwa ndi mphunzitsi Tom Maley, zimene Maley anakana. Anaululanso kuti City inkalipira osewera ake mopitirira mapaundi 4 aja.

Chilango chinali choopsa. Mu 1906 FA inaletsa osewera 17 mpaka pa 1 January 1907, inawalipiritsa chindapusa, n'kulamula kuti asadzasewererenso City. Maley anachotsedwa mu mpira. Timu imene inali itangomwa chikho zaka ziwiri zapitazo inabalalika ngati nkhuku zaona kabawi.

Kodi Meredith tinganene kuti anali wolakwiridwa? Ine ndikuona kuti ayi, osati kotheratu. Kuyesa kugula sewero ndi mlandu, kaya munthu watumidwa kapena ayi, ndipo poyamba anakana zimene pambuyo pake anavomera. Sanaulule za malipiro amseri chifukwa chokonda chilungamo, anaulula chifukwa anamumana ndalama. Komabe zimene ananenazo zinali zoona, ndipo amene anamulanga ankadziwa bwino lomwe kuti City sinali yokha.

Pamene City inkalira, munthu wina ankawerenga mwayi. Ernest Mangnall, mphunzitsi wa Manchester United, timu imene mpaka 1902 inkatchedwa Newton Heath ndipo inali itangokwera kulowa mu ligi yaikulu, sanadikire kuti matimu ena apikisane pogula osewera oletsedwawo. Anatenga Meredith, Sandy Turnbull, Herbert Burgess ndi Jimmy Bannister. Masiku amenewo United inkasewerera pa Bank Street ku Clayton, pakati pa mafakitale ofuka utsi, mtunda wochepa chabe kuchoka ku Hyde Road. Tikayerekeza kwathu kuno, zili ngati Maule atataya kaputeni wawo ndi anzake atatu nthawi imodzi, onse n'kukavala zabuluu za Manoma. Kusiyana kwake n'kwakuti udani wa matimu awiri a ku Manchester unali usanakule ngati lero. Anthu ambiri a mumzindawo ankaonera City Loweruka lino, United Loweruka linalo, ndipo ambiri anangosangalala kuti akatswiriwo sanachoke mumzinda.

Chiletso chitatha, anayiwo anasewera koyamba pa 1 January 1907. Timu imene anakumana nayo inali Aston Villa yomwe ija. United inapambana 1-0, Meredith anaponya mpira, Turnbull n'kumwetsa.

Zaka zotsatira zinali za United. Inatenga ligi koyamba mu 1908, chikho cha FA mu 1909 itagonjetsa Bristol City 1-0 ndi chigoli cha Turnbull, inasamukira ku Old Trafford mu 1910, n'kutenganso ligi mu 1911. Zitatha izi timuyo inadikira mpaka 1952 kuti itengenso ligi. Masapota a United amene amanyoza City kuti mbiri yake njogula ndi ndalama angachite bwino kukumbukira kuti maziko a zikho zawo zoyamba anatoleredwa pa bwinja la City.

Koma chimene Meredith anasiyira osewera a lero si zikho. Zimene anaona mu 1905 zinamuphunzitsa kuti wosewera akakhala yekha alibe mawu. Timu inkatha kumugulitsa ngati ng'ombe iye osapeza kanthu, kapena kumusunga m'kaundula wake osamulipira n'kumuletsa kupita kwina. Akavulala kapena kumwalira, banja lake linkatsala manja lende. Pa 2 December 1907, ku Imperial Hotel mumzinda wa Manchester, osewera ochokera m'matimu osiyanasiyana anakumana n'kukhazikitsa bungwe lomenyera ufulu wawo. Meredith ndiye anatsogolera msonkhanowo, ndipo pambali pake panali kaputeni wa United, Charlie Roberts. Ankafuna kuti malire a malipiro achotsedwe, wosewera akhale ndi ufulu wosankha timu, komanso ovulala azilandira chipukuta misozi. Kwa munthu wokulira ku mgodi, komwe mabungwe a anthu apantchito anali nkhani ya tsiku ndi tsiku, izi sizinali zachilendo.

FA inalilekerera bungwelo mpaka 1909, pamene linayamba kugwirizana ndi mabungwe ena a anthu apantchito m'dzikomo. Pamenepo inalamula osewera onse kuti atulukemo, apo ayi aletsedwa. Ambiri anagonja. Osewera a United anakana, anayimitsidwa opanda malipiro, anatsekeredwa kunja kwa bwalo lawo, ndipo ankakachita zokonzekera paokha ku Fallowfield. Kumeneko ndi komwe anajambulitsa chithunzi chotchuka chija atakhala kumbuyo kwa chikwangwani cholembedwa kuti The Outcasts F.C., kutanthauza timu ya opirikitsidwa. Ligi itatsala pang'ono kuyamba, mbali ziwirizo zinagwirizana. FA inavomereza kuti bungwelo likhalepo, mabonasi analoledwa, koma mgwirizano ndi mabungwe ena unathetsedwa ndipo malire a malipiro anatsala pomwepo. Meredith anaziona ngati kugonja, ndipo anakhumudwa ndi osewera anzake amene ankangoganiza za malipiro a sabata imeneyo. Chaka chomwecho sitolo yake yogulitsa zipangizo zamasewero inapsa ndi moto, ndipo khoti linamulengeza kuti walephera kubweza ngongole.

Malire a malipiro aja anadzachotsedwa mu January 1961, bungwe lomwe lija, tsopano lotchedwa PFA, likutsogoleredwa ndi Jimmy Hill. Nthawiyo malirewo anali atafika pa mapaundi 20. Meredith anali atagona m'manda zaka pafupifupi zitatu.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayimitsa ligi mu 1915. Turnbull, amene anagoletsa zigoli zambiri kuchokera ku mipira ya Meredith m'matimu onse awiri, anaphedwa ku Arras m'dziko la France mu 1917. Meredith, amene zaka zinali zitapitirira 40, ankasewerera City ngati mlendo m'masewero a nthawi ya nkhondo. Aliyense akanaganiza kuti wafika kumapeto.

Sanafike. Ligi itayambiranso anabwerera ku United, ndipo mu March 1920 anavala jezi ya Wales komaliza, ali ndi zaka 45. Anali atasewerera dziko lake kuyambira 1895, masewero 48, zigoli 11, koma England anali asanayigonjetsepo. Tsikulo, pa bwalo la Highbury, Wales inapambana 2-1, ndipo chaka chimenecho inatenga chikho cha matimu a mayiko a ku Britain, chachiwiri kwa iye chifukwa china anapata mu 1907. Chiwerengero cha masewero ake chikanakhala chokwera matimu ake akanamamulola kupita nthawi zonse Wales ikamuitana.

Sewero lake lomaliza ku United linali mu May 1921, ali ndi zaka 46, ndipo mpaka lero palibe amene anasewerera timuyo ali wamkulu kuposa pamenepo. Chaka chomwecho anabwerera ku City popanda ndalama yogulira. Amene anamulandira kumeneko anali Mangnall yemwe uja, amene nayenso anali atawolokera ku City mu 1912. Meredith ankathandiza kuphunzitsa komanso kusewera apo ndi apo. Mu 1924 City inamuitananso m'chikho cha FA, anthu ena n'kumaseka kuti timu yasowa anyamata. Anagoletsa chigoli pamene City inaswa Brighton 5-1, ndipo anasewera mpaka mu semifainolo, komwe Newcastle United inawatulutsa 2-0. Ili linali sewero lake lomaliza, atangotsala miyezi inayi kuti akwanitse zaka 50. Anali atasewerera timu iliyonse mwa awiriwa masewero oposa 300.

Atapuma anayendetsa malo omwera mowa mumzinda wa Manchester, ngakhale iye mwini sankaulawa. Mu 1926 anasewera mu filimu ya Ball of Fortune. Chuma sanachipeze.

Anamwalira pa 19 April 1958 ku Withington, ali ndi zaka 83. Panali patangopita miyezi iwiri chichitikireni ngozi ya ndege ya ku Munich imene inapha osewera asanu ndi atatu a United, ndipo mzinda unali udakali pa maliro amenewo, choncho imfa ya nkhalambayo sinamveke kwambiri. Anaikidwa ku Southern Cemetery, ndipo kwa zaka zambiri manda ake analibe chipilala. Patapita zaka zoposa 40, PFA, bungwe la mpira la ku Wales, City ndi United anasonkherana ndalama n'kumuikira mwala wa pamanda.