Mbiri ya malemu Raiffeisen, amene anayambitsa banki ya m'mudzi

Awerengi athu a ku Ulongwe, Domwe, Tsangano ndi midzi yonse ya m'malire a Dedza ndi Ntcheu, nonse mumaudziwa mwezi wa Febuluwale. Nkhokwe yatha, chimanga sichinache, mwana wadwala, ndipo munthu amakagogoda kwa wakatapila kapena kugulitsa mbatatesi zidakali m'munda pa mtengo wolira nawo. Pofika nthawi yokolola, dzinthu zimakhala zili kale ndi mwini wina. Lero tikubweretserani mbiri ya munthu amene anamenyana ndi vuto lomweli kalekale, m'dera la mapiri ndi lozizira ngati lathuli. Dzina lake ndi Friedrich Wilhelm Raiffeisen.

A Raiffeisen anabadwa pa 30 Malichi 1818 m'mudzi wa Hamm, m'dera la Westerwald ku Germany, dziko limene pa Chipwitikizi amati Alemanha. Anali wachisanu ndi chiwiri m'banja la ana asanu ndi anayi. Pakhomo panalibe ndalama zowatumizira ku sukulu zapamwamba, choncho anawaphunzitsa ndi mbusa wa mpingo wa kwawoko. Ali ndi zaka 17 analowa usilikali, koma mu 1843 anausiya chifukwa cha nthenda ya maso imene sinawachoke mpaka imfa yawo. Boma linawapatsa ntchito ya mu ofesi, ndipo mu 1845 linawatumiza ku Weyerbusch kukayang'anira kamzinda ako pamodzi ndi midzi yozungulira, udindo wofanana ndi wa shefi wa posto kuno kwathu. Chaka chomwecho anakwatira mayi Emilie Storck.

Ku Weyerbusch anapeza umphawi wadzaoneni. Anayamba ndi kumangitsa sukulu, kenaka analimbikira za msewu wopita ku mtsinje wa Rhein kuti alimi azikagulitsa okha zokolola zawo kumsika, osati kudikira ogula obwera pakhomo. Aliyense amene anaonapo lole itatitimira m'matope ndi matumba a mbatatesi akudziwa kufunika kwa nkhaniyi.

Kenaka kunagwa njala. Mu 1846 mbatatesi zinaola ndi matenda m'maiko ambiri a ku Ulaya, mbewu zina nazo sizinachite bwino, ndipo nyengo yachisanu inali yoopsa. Boma linatumiza ufa ndi lamulo loti ugulitsidwe kwa okhawo amene ali ndi ndalama m'manja. A Raiffeisen anaona kuti amene akufa ndi njala ndi omwewo amene alibe khobidi, choncho anaupereka ufawo pa ngongole, ngakhale kuti zimenezi zikanatha kuwachotsetsa ntchito. Anasonkhanitsanso anthu opezako bwino, nakhazikitsa bungwe logula ufa wambiri nthawi imodzi. Anamanga nyumba yophikiramo buledi, ndipo buledi uja ankagulitsidwa motsika mtengo kwambiri. Mmene nthawi yodzala inkafika, bungwelo linagulanso mbewu ya mbatatesi n'kukongoza alimi kuti adzabweze akakolola.

Njala itatha, iwo anazindikira kuti pali njala ina yosatha, ndiyo ngongole. Mu 1848 anawasamutsira ku Flammersfeld, ndipo kumeneko anaona mmene akatapila ankagwirira alimi. Mlimi ankatenga ng'ombe pa ngongole. Chaka chikavuta, chiwongoladzanja chinkakwera, ng'ombe inkalandidwa, kenaka munda, pomaliza nyumba. Mu 1849 a Raiffeisen anapempha anthu olemera okwana 60 kuti aikepo dzina lawo ndi chuma chawo ngati chikole. Ndi chikole chimenecho bungwe linakongola ndalama pa chiwongoladzanja chochepa, ndipo alimi osauka anagula ng'ombe n'kumabweza pang'onopang'ono kwa zaka zingapo.

Mu 1852 anapita ku Heddesdorf, pafupi ndi mzinda wa Neuwied, ndipo mu 1854 anayambitsanso bungwe lachifundo. Apa ndi pamene anaphunzira phunziro lowawa. Olemera anayamba kutopa. Ankafunsa chifukwa chimene ayenera kuikira chuma chawo pangozi chaka ndi chaka kaamba ka anthu ena. Osauka nawonso ndalamazo ankaziona ngati za eni ake, osati zawo. Bungwe linayamba kuzilala. A Raiffeisen anavomereza kuti chifundo chokha sichikhalitsa, ndipo anasintha njira. Wofuna kukongola ayenera kukhala membala, ndipo membala aliyense ayenera kusenza nawo ngongole ya gulu lonse. Mabungwe oyamba a mtundu umenewu anabadwa mu 1862 ku Anhausen ndi midzi ina yoyandikana, ndipo mu 1864 la ku Heddesdorf nalo linasanduka banki ya mamembala.

Malamulo ake anali osavuta kumva. Banki imodzi inkatumikira dera laling'ono, nthawi zambiri parishi imodzi, kumene aliyense amadziwa amene amalima ndi amene amathera tsiku pa mowa. Ngongole inkaperekedwa kwa mamembala okha, ndipo komiti inkafunsa ntchito ya ndalamazo, kaya ndi ng'ombe, mbewu kapena chida cha kumunda. Nthawi yobweza inkatalika molingana ndi ulimi, chifukwa ng'ombe siibweza mtengo wake mwezi umodzi. Atsogoleri sankalandira malipiro, kupatula wosunga mabuku yekha. Phindu silinkagawidwa, koma linkasungidwa m'thumba la gulu limene panalibe wololedwa kuligawa. Lamulo lolemera kuposa onse linali lakuti banki ikagwa, membala aliyense adzalipira ndi chuma chake chonse. Lamuloli linali loopsa, komabe ndi limene linkachititsa kuti anthu asamagone pa msonkhano, ndiponso kuti mabanki a m'tauni akhulupirire alimi amene aliyense payekha analibe chikole.

Pamene ntchito inkakula, moyo wa mwini wake unkavuta. Mayi Emilie anamwalira mu 1863. Thanzi lawo linafooka, maso anapitirira kuchita mdima, ndipo mu 1865 anapuma pa ntchito ya boma ali ndi zaka 47 zokha. Penshoni inali yochepa, moti anayesa bizinesi ya ndudu, kenaka ya vinyo, kuti adyetse ana. Mwana wawo wamkazi, Amalie, ndiye anasanduka maso awo. Ankawawerengera makalata ndi kulemba zimene bambo ake ankanena, ndipo sanakwatiwe moyo wake wonse. Tikamatchula dzina la bamboyo, tisaiwale mtengo umene mwanayu analipira.

Mu 1866 anatulutsa buku lofotokoza kayendetsedwe ka mabanki a m'midzi, ndipo linafalikira kutali. Posakhalitsa panaoneka vuto lina. Mudzi wina unkakhala ndi ndalama zongokhala pamene wina ukusowa zokongoza. Choncho mu 1872 anakhazikitsa banki yaikulu ku Neuwied yolumikiza timabanki tija, ndipo mu 1877 anayambitsa mgwirizano wolangiza maguluwo ndi kuyendera mabuku awo. Anamwalira pa 11 Malichi 1888, patatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 70. Pa nthawiyo mabanki otsata njira yawo anali atapitirira 400.

Mbewu imeneyi inaoloka malire. Ku Holland, banki yaikulu ya Rabobank inachokera ku timabanki ta alimi ta mtundu womwewu. Ku Canada, Alphonse Desjardins anatsegula banki ya mamembala ku Lévis mu 1900. Mu Africa muno, gulu la ku Jirapa m'dziko la Ghana linayamba mu 1955 mothandizidwa ndi wansembe wa Katolika, John McNulty. Kwa anansi athu ku Malawi, mabungwe osunga ndi kukongoza ndalama anapanga mgwirizano wawo wa MUSCCO mu 1980. Banki mkhonde imene amayi ambiri amaidziwa inadzera njira ina, poti inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, koma mzu wake ndi womwewo: anthu odziwana kusunga pamodzi ndi kukongozana okhaokha.

Tikudziwa kuti akuluakulu ena akamva mawu oti kooperativa amakumbuka minda ya gulu ya zaka zotsatira ufulu wa 1975, ndipo mtima umawagunda. Ya a Raiffeisen inali yosiyana. Munthu ankalowa mwa kufuna kwake, munda ndi ng'ombe zinkakhalabe zake, ndipo chimene ankaika pamodzi chinali ndalama ndi kukhulupirirana basi.

Tsono inu amene muli m'gulu losunga ndalama, kapena mukuganiza zoliyambitsa mukagulitsa fodya ndi nyemba chaka chino, tengani zinthu zitatu pa mbiriyi. Gulu likhale la anthu odziwana. Buku la ndalama liziwerengedwa mokweza pamaso pa onse, ngakhale msungichuma atakhala malume anu. Ndipo pogawana musamakokolole zonse, muzisiyako kathumba ka chaka choipa. Akale anati mutu umodzi susenza denga, koma denga limagwanso ngati mmodzi mwa osenzawo wathawa pansi pake. Febuluwale adzabweranso.