Mai Aziza Amir, Mkazi Amene Anatsegula Njira ya Kanema ku Egypt

Ana a sukulu amene amakhamukira ku nyumba za kanema pa Jali, m'dera la Mfumu Mwambo ku Zomba, kawiri-kawiri amaonera anthu a maiko akutali akusewera nkhani za kwao. Funso lakuti kodi adzaonetsa moyo wa eni dziko ndani si la lero ai. Ku Egypt linayankhidwa m'chaka cha 1927, ndipo woyankhayo anali mkazi.

Mai Aziza Amir anabadwa m'chaka cha 1901, ndipo dzina lao la kubadwa linali Mufida. M'chaka cha 1925 analowa m'gulu la zisudzo la Ramses, limene mtsogoleri wake anali Bambo Youssef Wahbi, mu mzinda wa Cairo. Masiku amenewo nyumba za kanema zinalipo kale mu Cairo ndi Alexandria, koma zithunzi zambiri zimene anthu ankaonera zinali zochokera ku Ulaya ndi ku America. Ndiponso mkazi wosewera pamaso pa khamu sankawerengedwa ngati munthu waulemu.

Mai Aziza sanakhutire ndi kusewera nkhani za eni. Anakhazikitsa kampani yao ya Isis Film, naikamo chuma chao. Ntchito inayamba movuta, pakuti anasemphana maganizo ndi Wedad Orfi, munthu wa ku Turkey amene ankatsogolera kujambula. Wina akanagwa mphwayi pomwepo, koma iwo anaitana Stephan Rosti kuti atsirize ntchitoyo. Pa 16 November 1927 filimu ya Laila inaonetsedwa m'nyumba ya kanema ya Metropole ku Cairo.

Filimuyo inalibe mau. Nkhani yake inali ya mtsikana wa kumudzi amene bwenzi lake linamusiya ali ndi pakati, nkutsata mkazi wachilendo wodzaona dziko, ndipo mtsikanayo anapirikitsidwa pamudzi. Mai Aziza anasewera okha ngati Laila. Anthu ambiri olemba mbiri amaiwerengera filimu imeneyi kuti ndiyo yoyamba yaitali yopangidwa ndi chuma cha mwini dziko la Egypt. Mwa anthu amene anadzaonera tsikulo munali Talaat Harb, mwini maganizo a Banque Misr, amene m'chaka cha 1935 anatsegula nyumba yaikulu yojambuliramo ya Studio Misr.

Njira itatseguka, akazi ena anatsata. Assia Dagher anatulutsa filimu yake mu 1929, Bahiga Hafez mu 1932, ndipo Fatma Rushdi mu 1933. Chotero maziko a kanema wa ku Egypt, amene pambuyo pake anamveka m'maiko onse a Aluya, anaikidwa kweni-kweni ndi manja a akazi.

Mai Aziza anapitiriza ndi Bint al-Nil mu 1929. Atakwatiwa ndi Mahmoud Zulfikar, awiriwo anagwira ntchito pamodzi zaka zambiri, mai akulemba nkhani, kusewera ndi kuyang'anira ndalama. Mu filimu ya al-Warsha anasewera ngati mkazi amene anavala zachimuna kuti ayendetse malo a ntchito a mwamuna wake. Mu 1948, chaka cha nkhondo ya ku Palestine, anatulutsa Fatat min Falastin, yokamba za mtsikana wa dzikolo.

Anamwalira ku Cairo pa 28 February 1952, ali ndi zaka 50, miyezi isanu Mfumu Farouk isanachotsedwe pa mpando.

Aphunzitsi ndi ogwira ntchito za Boma aone ichi: Mai Aziza sanadikire kuti mlendo adzajambule mudzi wao. Asodzi a pa Kachulu ndi alimi a mpunga a m'madambo a Chilwa ali nazo nkhani zokwanira kanema, ndipo mwina wodzazijambula ndi mtsikana amene wakhala kumbuyo m'kalasi lero.