Paul Ngozi: mnyamata wa ku Chibolya amene adaliza rock m'Chinyanja

Tsiku lina masana, dzuwa la ku Chigwa cha Shire lili paliwombo, ndidakhala pakhonde la golosale ina pa Nchalo kudikira minibasi ya ku Bangula. Pambali panga anyamata awiri a kusekondale ankamvera nyimbo pafoni. Idali nyimbo ya Tyler, the Creator wa ku America, yotchedwa Noid, yomwe idatuluka m'chaka cha 2024. Mkatikati mwa Chingerezi chija mudatulukira mawu a mwamuna akuyimba Chinyanja, gitala ikulira ngati chigayo cha dizilo.

Apo mkangano udabuka. Wina ankati imeneyi ndi rap basi, mnzake ankati ndi heavy metal. Mkulu wina wogulitsa milamba youma, wa imvi zake, adalowerera nkunena kuti mawuwo ndi a munthu wa ku Zambia ndipo iye adayamba kuwamva pawayilesi ali mnyamata. Anyamata aja adamuseka, komatu mkuluyo ndiye adalasa. Mawu amenewo ndi a malemu Paul Ngozi, ndipo adajambulidwa Tyler mwini wakeyo asanabadwe.

Dzina lake lenileni adali Paul Dobson Nyirongo, dzina lomwe abale athu a ku Mzimba ndi Rumphi sangalidabwe. Adabadwa m'chaka cha 1949, Zambia idakali Northern Rhodesia, ndipo adakulira mu Lusaka, m'komboni ya Chibolya. Amene mudafikako mukudziwa kuti Chibolya si kwa mabwana ayi. Nkwa anthu odzuka m'mamawa kukasaka ya ndiwo, monga zilili ku Mbayani kapena Ntopwa mu Blantyre.

Zambia italandira ufulu m'chaka cha 1964, kopa ankayenda malonda kwambiri ndipo m'matauni mudali ndalama. Achinyamata ankagula zimbale za The Beatles, The Rolling Stones, Jimi Hendrix, kenaka Deep Purple ndi Black Sabbath. M'chaka cha 1970 naye James Brown adafika m'dzikomo kukayimba. Paul adakula akumva zonsezi, ndipo amene adamudya mtima kwambiri adali Hendrix. Adaphunzira kuliza gitala yamagetsi kudzera m'kachipangizo koponda ndi phazi kotchedwa fuzz, kamene kamasasitsa mawu a gitala kuti azimveka okhakhala, ngati akung'ambika. Pa siteji ankafika poyimba gitalayo ndi mano. Dzina loti Ngozi lidamukhala bwino ndithu.

Adayimbako kanthawi ndi gulu la Musi-O-Tunya, limene lidakhazikika ku Nairobi m'dziko la Kenya, asanabwerere kwawo kukayambitsa gulu lakelake la Ngozi Family. Pang'oma padali Chrissy Zebby Tembo, pa bezi Tommy Mwale. Anthu ochepa, phokoso la mudzi wonse. Mwayi wawo udali wakuti chapakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pawayilesi ya boma, 95 zizikhala za oyimba a m'Zambia momwemo. Mwadzidzidzi wayilesi idayamba kufuna nyimbo zambiri zakumudzi, ndipo makampani monga Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo ndi Teal adali kalikiliki kutulutsa zimbale. Magulu monga WITCH ya Jagari Chanda ndi Amanaz adaphuka nthawi yomweyo. Chamba chimenechi chidapatsidwa dzina loti Zamrock, dzina lomwe adalitchukitsa ndi muulutsi wa pawayilesi Manasseh Phiri.

M'chaka cha 1976 Ngozi Family idatulutsa chimbale cha Day of Judgement. Chaka chotsatira kudabwera 45,000 Volts, momwe muli nyimbo ya Nizakupanga Ngozi, imene Tyler adatapamo mawu aja. M'zaka zomwezo mudatulukanso The Ghetto, chimbale chokamba za moyo wa m'komboni, komanso My Ancestors, chomwe chili m'dzina la Tembo koma gitala yake ndi ya Paul.

Tsono apa mpamene okonda nyimbo amakokana malaya mpaka lero. Ena amati Day of Judgement ndi heavy metal yeniyeni, poti kulemera kwa gitala yake nkofanana ndi kwa Black Sabbath, anyamata a ku Birmingham amene chimbale chawo choyamba chidatuluka m'chaka cha 1970. Ena amakana, ati imeneyi ndi punk yobadwa masiku asanakwane, popeza nyimbo zake nzosakometsera, zojambulidwa mwachangu, ndipo zidatuluka chaka chathunthu Sex Pistols a ku London asanatulutse chimbale chawo cha 1977. Palinso gulu lachitatu, ndipo limeneli lilipo kwathu kuno, lonena kuti zonsezi nkungotengera azungu, munthu wakuda alibe gawo mu rock.

Ine ndikuona kuti onsewa akuthamangira dzina, nkusiya nyimbo. Tatengani zimbalezo muwerenge mitu yake. Mupeza Kumanda Kwa Bambo Wanga, Tikondane, Atate, Chenjelani, Ulesi Tileke. Kodi kumeneku nkutengera azungu? Izi ndi nkhani za pamaliro, za pabwalo la amfumu, za mayi akulangiza mwana madzulo. Paul adabwereka chida, koma zoti anene adazitenga pakhomo pa amake. Ankasakaniza Chingerezi ndi Chinyanja cha m'tauni monga momwe anthu a mu Lusaka amayankhulira pamsika, ndipo nchifukwa chake anthu wamba, amene sadamvepo za Birmingham, adamutenga kukhala wawo.

Nawonso onena kuti rock nja azungu aiwala mbiri. Rock idaphuka kuchokera ku blues ya anthu akuda a ku America, zidzukulu za akapolo. Chuck Berry ndi Little Richard adali akuda, Hendrix yemwe adali wakuda. Ndiye Paul poliza gitala ija adaba za yani?

Komanso tisaiwale kuti maina a zamba za nyimbo ife tidayamba kale kuwapinda. Malemu Alan Namoko wa ku Thyolo, yemwe adamwalira m'chaka cha 1995, gulu lake ankalitcha Chimvu River Jazz Band. Robert Fumulani wa ku Chileka adali ndi Likhubula River Jazz Band. Munthu wa ku New Orleans atamva banjo ya Namoko angakane kuti si jazz imeneyo, nanga ndani wa ife adasiya kuvina kaamba ka zimenezo? Dzina la chamba ndi la wogulitsa, kuti adziwe shelefu yoikapo katundu. Inu amalonda mukudziwa bwino: mpunga wa ku Nsanje mungaulembe dzina lililonse pathumba, wogula amaweruza ukapsa.

Wina angafunse kuti bwanji ife sitidakhale ndi Zamrock yathuyathu. Nyengo zidali zosiyana. Pamene Kaunda ankatsekulira anyamata ake wayilesi, kuno mu ulamuliro wa Kamuzu Banda mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza, ndipo bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo lidali tcheru. Mnyamata wovala ngati Hendrix akadathera m'manja mwa apolisi asanamange nkomwe nsambo za gitala.

Koma ku Zambia nako dzuwa silidachedwe kulowa. Mtengo wa kopa udagwa, ndalama zidasowa, ndipo chimbale chidasanduka chinthu cha anthu olemera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 asilikali a Rhodesia ankaponya mabomba m'Zambia, boma nkumaletsa anthu kuyenda usiku, zomwe zidapha madansi. Kudabwera disco, makaseti okopera mwakuba, kenaka kalindula nkulanda bwalo. Pamwamba pa zonsezi mliri wa Edzi udakolola oyimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul adapitiriza kuyimba m'zaka za m'ma 1980, akusintha kayimbidwe potsata nyengo, mpaka adamwalira m'chaka cha 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Mu Lusaka, ku Kabwata, muli msewu wa dzina lake.

Kwa zaka zambiri zimbale zake zidangokhala m'makatoni, kudyedwa ndi fumbi. Adazifukula ndi alendo. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles idatulutsanso Day of Judgement m'chaka cha 2014, kenaka 45,000 Volts, ndipo chimbale cha Tyler cha Chromakopia, momwe muli Noid, chidafika pa nambala wani ku America. Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kunena zoona nzochititsa manyazi kuti mwana wa pa Nchalo amve Chinyanja cha Paul Ngozi koyamba kudzera kwa munthu wa ku California.

Apa mpamene nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Chikwawa ndi Nsanje. Tili ndi ulimba wa Asena, womwe anthu angapo amauyimba pamodzi mwaliwiro loti woyimba gitala wa metal angatuluke nalo thukuta. Tili ndi bangwe, ng'oma za likhuba, magule monga utse. Hugh Tracey adajambula nyimbo za Amang'anja m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku Makhanda, m'dziko la South Africa. Nanga ife tasunga zingati? Nkhalamba zodziwa kusema ndi kuchuna ulimba zikutha, uku tili ndi mafoni ojambula m'matumba.

Inu ana asukulu amene mumakangana za rap ndi metal, kanganani ndithu, mkangano wa nyimbo suphetsa munthu. Koma tchuthi chikubwerachi pitani kwa agogo ku Tengani kapena ku Makhanga, mukajambule zomwe akudziwa, mulembe dzina la woyimba, mudzi ndi tsiku. Ndipo wina mwa inu akadzalumikiza ulimba ndi gitala yamagetsi, musadzamufunse kuti chamba chake nchiyani. Dzamufunseni ngati ali ndi mawu oti atiuze, monga adali nawo mnyamata wa ku Chibolya uja.