Moyo wa Dokotala Daniel Hale Williams, 1856-1931

Amayi anzanga, pa nthawi ino ya chikondwerero cha Chigwirizano chathu ndaona kuti ndi bwino ndikusimbireni mbiri ya dokotala wina wa ku America amene adatisiya kalekale. Anthu ambiri amawakumbukira chifukwa cha opaleshoni ya pamtima, koma ine chimene chidandikoka ndi m'mene chipatala chawo chidayambira, pakuti pachiyambi pake padali mayi wokanidwa, padalinso mpingo.

A Daniel Hale Williams adabadwa pa 18 January 1856 ku Hollidaysburg, m'chigawo cha Pennsylvania. M'banja mwawo adalimo ana asanu ndi awiri. Bambo awo adali wometa tsitsi, ndipo adamwalira ndi chifuwa chachikulu Daniel akadali kamnyamata. Mayi wamasiyeyo adalephera kusunga ana onse pamodzi, motero Daniel adampereka kwa munthu wosoka nsapato ku Baltimore kuti aphunzire ntchito. Mayi ameneyu tisamuweruze msanga, pakuti za umasiye tonse tikuzidziwa. Koma mnyamatayo nsapato sadazikonde, adathawako, nayamba kumeta anthu monga bambo wake. Ali ku Janesville adadziwana ndi Dokotala Henry Palmer, amene adamtenga kuti aziwathandiza uku akuphunzira. Pambuyo pake adalowa sukulu ya udokotala ya Chicago Medical College, natsiriza m'chaka cha 1883.

Masiku amenewo tsankho lidali lalikulu. Zipatala za mu mzinda wa Chicago sizinkalemba madokotala achikuda, ndipo odwala achikuda sankalandiridwa bwino. A Williams khungu lawo lidali loyererapo, kotero kuti ena ankawayesa mzungu, koma iwo sadabise mtundu wawo kuti zinthu ziwayendere.

Tsono padali mtsikana wina, Emma Reynolds, amene ankafunitsitsa ntchito ya unamwino. Sukulu za anamwino za mumzindawo zidamukana chifukwa cha khungu lake basi. Mlongo wake adali mbusa, a Louis Reynolds, a mpingo wa St. Stephen's African Methodist Episcopal. Abusawo adatengera nkhaniyi kwa a Williams. Dokotalayo ataona kuti kupempha malo m'sukulu za eni sikuphula kanthu, adaganiza zoyambitsa chipatala chokhala ndi sukulu yakeyake ya anamwino. Misonkhano idachitika, abusa adalengeza m'mipingo, anthu adasonkha, olemera a mumzinda nawonso adaponyapo. Ife amene tidayendapo ndi mbale khomo ndi khomo tikudziwa kuti ntchito yotere siikhala yopepuka. M'mwezi wa May 1891 chipatala cha Provident chidatsegulidwa m'nyumba ya nsanjika, chili ndi mabedi 12 okha. Lamulo lake lidali lakuti wodwala wa mtundu uliwonse alandiridwe, ndipo madokotala achikuda ndi achizungu azigwira ntchito pamodzi.

Patangopita zaka ziwiri, m'mwezi wa July 1893, adabwera naye mnyamata wotchedwa James Cornish atabayidwa ndi mpeni pachifuwa. Poyamba bala lidaoneka laling'ono, koma munthuyo adayamba kufooka, kusonyeza kuti magazi akutayikira m'kati. Kumbukirani kuti makina ounikira m'thupi adali asanatulukiridwe, kuthira munthu magazi kudali kusanakhazikike, ndipo mankhwala amphamvu opha tizilombo amene timamwa lero kudalibe. Madokotala a nthawi imeneyo ankaopa kufika pamtima, poganiza kuti wodwala afera pomwepo. A Williams adatsegula chifuwa cha Cornish cha panthiti, namanga mtsempha umene unkataya magazi. Ataona mtima ukugunda pamaso pawo, adapeza kuti mpeni udang'amba kathumba kamene kamakuta mtima, koma mtima weniweniwo udangokandika pang'ono. Bala la pamtimalo adalisiya kuti lipole lokha, koma kathumbako adakatsuka nakasoka. Kudziletsa kumeneku ine ndimakuona ngati nzeru yaikulu kuposa kusokako. Cornish adatuluka m'chipatala patapita masiku 51, nakhalanso ndi moyo zaka zambiri.

Ena amanena kuti a Williams ndiwo adali oyamba pa dziko lonse, koma tinene zoona: Dokotala Henry Dalton wa ku St. Louis adasokapo kathumba kotere mu 1891. A Williams eni ake sadathamangire kudzitama. Adadikira mpaka 1897 kuti alembe za opaleshoniyi, ataona kuti munthu wawo wachiradi. Chimene chidapulumutsa odwala awo ambiri ndi ukhondo, pakuti adali wolimbikira kwambiri kuti manja, zipangizo ndi nsalu zikhale zoyera mabala asanakhudzidwe.

Mu 1894 adaitanidwa ku Washington kukayendetsa chipatala cha Freedmen's, ndipo kumenekonso adakonza maphunziro a anamwino. Mu 1895 adali mmodzi mwa oyambitsa bungwe la National Medical Association, popeza madokotala achikuda ankatsekerezedwa m'bungwe lalikulu. Adakwatira a Alice Johnson mu 1898 nabwerera ku Chicago, ndipo chaka ndi chaka ankapita ku Nashville kukaphunzitsa opaleshoni pa sukulu ya Meharry.

Mapeto ake adali achisoni ndithu. Pa Provident padabuka kusamvana pakati pa iwo ndi dokotala mnzawo, ndipo mu 1912 adatula pansi udindo m'chipatala chimene adachiyambitsa okha. Chaka chotsatira adalandiridwa m'bungwe la American College of Surgeons, ali wachikuda yekhayo pakati pa oyamba. Akazi awo adamwalira mu 1924, ndipo mu 1926 iwonso adagwidwa ndi matenda ofa ziwalo. Adamwalira pa 4 August 1931 ku Idlewild, m'chigawo cha Michigan, naikidwa ku Chicago.

Mwina mukufunsa za mtsikana uja. Emma Reynolds adali m'gulu loyamba la ophunzira unamwino pa Provident, natsiriza bwino. Sadalekere pomwepo, adapitiriza sukulu mpaka iyenso adakhala dokotala.