César Ritz, Mbusa wa Mbuzi Amene Adatumikira Mafumu

Kudziko la Switzerland, m'kati mwa mapiri aatali otchedwa Alps, kuli kamudzi dzina lake Niederwald. M'mudzi umenewu ndimo mudabadwira César Ritz pa 23 Febuluwale 1850. Iye adali mzime m'banja la ana 13. Makolo ake adali alimi, ndipo ali mwana César ankaŵeta mbuzi m'mapiri.

Atakwanitsa zaka 15, bambo wake adamtumiza ku Brig kukaphunzira ntchito yoperekera zakudya ndi zakumwa m'hotela. Kumeneko sadakhalitseko, pakuti mwini hotelayo adamchotsa, ati chifukwa mnyamatayo adalibe luso la ntchito yotere. César sadataye mtima. M'chaka cha 1867 adapita ku Paris, likulu la dziko la France. Uko adayambira pansi penipeni, kupukuta nsapato za alendo ndi kuŵanyamulira katundu. Pambuyo pake adaloŵa ntchito ku Voisin, malo odyera otchuka kwambiri. Poperekera zakudya, iye ankayang'anitsitsa alendo kuti adziŵe chimene aliyense amakonda ndi chimene amadana nacho.

Pali nkhani yotchuka ya zimene Ritz adachita ali pa ntchito pahotela ya Rigi Kulm, pamwamba pa phiri la Rigi. Tsiku lina kudazizira koopsa, ndipo makina otenthetsera nyumba adawonongeka. Tsiku lomwelo kunkabwera alendo 40 a ku America kudzadya nkhomaliro. Ritz sadasoŵe chochita. Adasamutsira tebulo m'kachipinda kakang'ono kosavuta kutenthetsa. Adatenga miphika ikuluikulu yamkuwa yobzalamo maluŵa, nathiramo zakumwa zaukali ndi kuziyatsa moto. Adaotcha njerwa, nazikulunga m'nsalu kuti alendo apondepo. Zakudya zozizira adazichotsa, nalamula kuti aphike msuzi wotentha. Alendo aja adadya ali ofunda, ndipo adachoka akuyamika.

Mbiri ya luso lakeli idamveka, kotero kuti Max Pfyffer adampatsa udindo woyang'anira Grand Hotel National mumzinda wa Lucerne. Nthaŵiyo Ritz adali asanakwanitse zaka 30.

Kodi chinsinsi chake chidali chiyani? Choyamba, iye ankakumbukira maina a alendo ndi zokonda zawo, kotero kuti mlendo wobweranso ankapeza zonse zitakonzedwa asanapemphe. Chachiŵiri, ankaphunzitsa antchito ake kuti asamakangane ndi mlendo. Munthu akadandaula za chakudya kapena vinyo, ankamchotsera msanga ndi kumbweretsera china popanda kumfunsa mafunso. Chachitatu chidali ukhondo. Masiku amenewo anthu ambiri ankafa ndi chifuŵa chachikulu, choncho Ritz ankakonda makoma opaka utoto ndi makatani opepuka osavuta kuchapa, m'malo mwa nsalu zolemera zosunga fumbi. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ritz ankafuna kuti masiku oŵerengeka amene mlendo wakhala pahotela akhale osaiŵalika.

Ku Monte Carlo, Ritz adayamba kugwira ntchito ndi Auguste Escoffier, katswiri wophika wa ku France. Aŵiriŵa adagwirizana ngati pachibale: wina kukhitchini, wina kwa alendo. Mu 1888 Ritz adakwatira Marie-Louise Beck. Hotela ya Savoy itatsegulidwa ku London mu 1889, mwini wake, Richard D'Oyly Carte, adaitana Ritz kuti adzaiyendetse, ndipo iye adapita ndi Escoffier. Anthu olemera ndi a m'banja lachifumu adayamba kukhamukira kumeneko. Mmodzi mwa iwo adali mwana wa Mfumukazi Victoria, amene pambuyo pake adakhala Mfumu Edward VII.

Komabe Ritz adali ndi zolakwa zake. Mu 1898 eni ake a Savoy adapeza kuti vinyo ndi zakumwa zina za ndalama zambiri zidasoŵa, ndipo iye ndi Escoffier adachotsedwa ntchito. Pambuyo pake adavomera kubweza ndalama. Alendo ambiri adapitirira kumkonda, ndipo pa 1 Juni chaka chomwecho adatsegula hotela yakeyake ku Paris, yotchedwa Ritz. M'zipinda zake mudali magetsi, lamya ndi mosambira, zinthu zimene zidali zachilendo masiku amenewo.

Mu 1902 Ritz adakonza madyerero aakulu pahotela ya Carlton ku London, okondwerera kulongedwa ufumu kwa Edward VII. Kutatsala masiku aŵiri, mfumuyo idadwala mwadzidzidzi ndipo mwambowo udaimitsidwa. Alendo adabalalika, ndipo khama lonse lija lidapita pachabe. Ritz, amene kwa zaka zambiri ankagwira ntchito usana ndi usiku osapuma, adadwala matenda a maganizo, ndipo sadachirenso kwenikweni. Adamwalira mu Okutobala 1918 ku Küssnacht, pafupi ndi Lucerne. Mkazi wake ndiye adapitiriza kusamala hotela ya ku Paris.

Manda a Ritz ali kwawo ku Niederwald, kumene ankaŵeta mbuzi kuja. Koma dzina la mnyamata amene adachotsedwa ntchito ku Brig likadali pakhomo pa mahotela otchuka a ku Paris ndi ku London.

Mafunso

1. Kodi César Ritz adabadwira kuti, ndipo ankagwira ntchito yanji ali mwana?
2. Chifukwa chiyani adachotsedwa ntchito ku Brig?
3. Fotokozani zimene adachita pofuna kuti alendo 40 aja asamve kuzizira.
4. Tchulani zinthu zitatu zimene zinkakondweretsa alendo m'mahotela ake.
5. Kodi mwambi wakuti mlendo ndi mame umatanthauza chiyani?