Dr. Aggrey: Mwana wa Africa Amene Adasulidwa pa Livingstone College

Mumzinda waung'ono wa Salisbury, m'chigawo cha North Carolina ku America, muli koleji yotchedwa Livingstone College. Kolejiyi idayambitsidwa m'chaka cha 1879 ndi mpingo wa anthu akuda wa African Methodist Episcopal Zion, ndipo m'chaka cha 1887 idapatsidwa dzina limeneli pokumbukira Dr. David Livingstone, amene mbiri yake mwana wa sukulu aliyense m'Malaŵi amaidziwa. Idali koleji yosauka, yoyendera zopereka za Akhristu amene makolo awo adali akapolo. Ngakhale zidali choncho, eni ake adalimbikira kuti ana awo aziphunzira zonse zimene ana a Azungu ankaphunzira m'makoleji awo, monga Chilatini, Chigiriki, masamu, mbiri ya maiko, mabuku a alembi otchuka ndi luso la kuyankhula pagulu. Mwa onse amene adatuluka pa kolejiyi, amene dzina lake lidamveka kutali kwambiri ndi mwana wa ku Africa, James Emman Kwegyir Aggrey.

Aggrey adabadwa pa 18 October 1875 ku Anomabu, m'mphepete mwa nyanja yamchere m'dziko la Gold Coast, limene tsopano ndi Ghana. Adali wa mtundu wa Afante. Atate ake, a Kodwo Kwegyir, adali nduna yoyankhulira mfumu, ntchito yofuna munthu wodziwa miyambi, wokumbukira milandu yakale ndiponso wodziwa kuziziritsa mitima ya anthu okangana. Mnyamatayo adakula akumva atate ake akutambasula nkhani pabwalo, ndipo luso limenelo adatengera. Adabatizidwa m'chaka cha 1883 nalowa sukulu ya mpingo wa Methodist ku Cape Coast. M'mera mpoyamba, ndipo aphunzitsi ake sadachedwe kuona kuti mwanayo ngwanzeru. Asanakwanitse zaka 20 adali atayamba kale uphunzitsi, ndipo pofika chaka cha 1898 adali mphunzitsi wamkulu wa sukulu yomwe iye mwini adaphunzirapo.

Munthu wina akadakhutira ndi ulemu umenewo, pakuti masiku amenewo mphunzitsi wamkulu adali munthu womveka m'mudzi ndi mumpingo momwe. Koma Aggrey adali ndi ludzu la maphunziro limene sukulu za kwawo sizikadatha kulithetsa. Motero pamene Bishopu John Bryan Small wa mpingo wa Zion ankafuna anyamata oti akaphunzire ku America kuti adzatumikire mpingo ku Africa, Aggrey adavomera. Adasiya udindo wake m'chaka chomwecho cha 1898, nakakhalanso pabenchi monga mwana wa sukulu pa Livingstone College ali ndi zaka 23.

Adatsiriza digiri yake ya B.A. m'chaka cha 1902 atakhoza bwino kwambiri. M'malo mobwerera kwawo monga momwe mpingo unkayembekezera, adatsalira pa koleji pomwepo nayamba kuphunzitsa, ndipo adakhalanso mlembi wosunga kaundula wa ophunzira ndi mabuku a chuma. Adadzozedwa ubusa m'chaka cha 1903. M'chaka cha 1905 adakwatira Rose Douglass wa ku Virginia, ndipo banjalo lidadalitsidwa ndi ana anayi. M'chaka cha 1912 adalandira digiri ya M.A. pa Livingstone pomwepo, ndi digiri ya udokotala wa zaumulungu kuchokera ku Hood Theological Seminary, sukulu ya ubusa ya mpingo womwewo. Panthawi za tchuthi ankapita ku New York kukawonjezera maphunziro a za chikhalidwe cha anthu pa Columbia University.

Kuyambira m'chaka cha 1914 adapatsidwanso mipingo iwiri ya kumidzi, Miller's Chapel ndi Sandy Ridge, kumene Akhristu ake adali alimi osauka, ambiri a iwo osadziwa kuwerenga. Kumeneko munthu wodziwa Chigiriki uja adaphunzira kuti ulaliki wokha sukhutitsa mimba. Adayamba kuwalimbikitsa kuweta nkhuku, kulima ndiwo zamasamba, kusunga ndalama pamodzi ndi kugula minda yawoyawo. Kuyambira pamenepo sadalolenso kuti maphunziro a m'mutu alekanitsidwe ndi ntchito za manja, ndipo ankaphunzitsa kuti mutu, manja ndi mtima ziyenera kusulidwa pamodzi.

Koleji imene adaitumikira mokhulupirika idamukhumudwitsa. Pamene mkulu wa kolejiyo, W. H. Goler, adapuma pa ntchito m'chaka cha 1917, Aggrey adali mmodzi wa oyembekezeka kulowa m'malo mwake, koma mpandowo udapatsidwa kwa wina. Iye adapitiriza kuphunzitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti patangopita zaka zitatu adaitanidwa ku ntchito yoposa imene adamanidwayo.

Kuti ntchito imeneyi imveke bwino, nkofunika kudziwa mkangano umene udalipo ku America pa maphunziro oyenera munthu wakuda. Gulu lina, lotsata Booker T. Washington wa sukulu ya Tuskegee, linkati anthu akuda ayambe aphunzira ulimi, ukalipentala, kuumba njerwa ndi ntchito zina za manja kuti adziimire paokha. Gulu lina, lotsata Dr. W. E. B. Du Bois, linkati mtundu wopanda anthu ophunzira kwambiri udzakhala wolamulidwa mpaka kalekale, choncho makoleji onga Livingstone ayenera kulimbikitsidwa. Azungu ambiri opereka ndalama ankakonda maganizo a gulu loyambalo, ndipo maboma a atsamunda ku Africa adawakondanso, popeza mlimi wodziwa kusamala munda savuta kumulamulira monga momwe amavutira loya kapena mlembi wa nyuzipepala.

M'chaka cha 1920 bungwe la Phelps-Stokes Fund la ku New York lidatumiza nthumwi kukayendera sukulu za mu Africa. Mtsogoleri wawo adali Dr. Thomas Jesse Jones, amene adagwirapo ntchito pa Hampton Institute ndipo adali wa maganizo a ntchito za manja. Aggrey adasankhidwa kukhala nawo, ndipo adali munthu wakuda yekhayo pa nthumwizo. Paulendo woyambawu, m'zaka za 1920 ndi 1921, adayendera Sierra Leone, Liberia, Gold Coast, Nigeria, Cameroon, Belgian Congo, Angola ndi South Africa. Kwawo ku Gold Coast adafikako patapita zaka 22 chichokereni, ndipo anthu adamulandira ndi chimwemwe chachikulu.

Paulendowu padaoneka chinthu chimene otumiza nthumwi aja sadachiyembekeze. Uthenga wa nthumwizo udali wakuti sukulu za mu Africa zichepetse za m'mabuku, zilimbikire ulimi, ukhondo ndi moyo wa m'mudzi. Koma anyamata amene ankadzaza matchalitchi ndi maholo kudzamvera Aggrey ankaona munthu wakuda ngati iwo omwe, wobadwira m'mudzi wa mu Africa, ali ndi madigiri, akuyankhula Chingerezi chosalala pamaso pa abwanamkubwa ndi mabishopu popanda mantha. Chimene maso awo adaona chidalowa m'mitima kuposa chimene nthumwi zidalemba m'malipoti. Ambiri adatuluka m'misonkhanoyo atatsimikiza mtima kukafuna maphunziro apamwamba kutsidya kwa nyanja. Mmodzi wa iwo adali Nnamdi Azikiwe wa ku Nigeria, amene pambuyo pake adakhala pulezidenti woyamba wa dzikolo. Wina adali mnyamata wa ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda, amene panthawiyo ankagwira ntchito pa mgodi wina pafupi ndi Johannesburg, ndipo adapita ku America m'chaka cha 1925.

Pophunzitsa, Aggrey ankakonda mafanizo monga ankachitira atate ake pabwalo la mfumu. Limodzi lidali la mwana wa chiwombankhanga amene adaleredwa pakati pa nkhuku, nazolowera kutola madeya pansi, kufikira tsiku limene munthu wodziwa za mbalame adapita naye paphiri m'mamawa namuyang'anitsa kudzuwa, ndipo adatambasula mapiko nauluka osabwereranso. Omvera ankadziwa okha kuti chiwombankhangacho ndani. Lina lidali la limba, limene lili ndi makiyi oyera ndi akuda. Ankati munthu angathe kuimba nyimbo ndi oyera okha kapena akuda okha, koma nyimbo yokoma imafuna onse pamodzi.

Fanizo la limbali silidakondweretse aliyense. Otsatira a Marcus Garvey, amene ankalalikira kuti Africa abwerere m'manja mwa eni ake, ankaona Aggrey ngati munthu wofewa, wogwiritsidwa ntchito ndi atsamunda pogonetsa anthu tulo. Ku South Africa anthu ena a kumidzi adamulandira poganiza kuti ndiye kalambulabwalo wa anthu akuda a ku America odzawaombola, ndipo adagwa mphwayi atamva akulalikira za kugwirizana. Iye mwini tsankho ankalidziwa bwino, pakuti m'sitima ndi m'mahotela adakanizidwa kangapo malo amene anzake oyera adapatsidwa. Njira yake idali yoyankha chipongwe ndi nthabwala, pokhulupirira kuti mdani wasanduka bwenzi ndi wopindulitsa kuposa mdani wogonjetsedwa. Akatswiri a mbiri yakale amatsutsanabe ngati njira imeneyi idali yokwanira pa nthawi yovuta ngati imeneyo.

Atabwerera ku America adalandira digiri ina ya M.A. pa Columbia University m'chaka cha 1922, ndipo m'chaka cha 1923 adakhoza mayeso a digiri ya Ph.D., kutsala kulemba buku la kafukufuku wake. Asanalilembe adaitanidwa paulendo wachiwiri wa nthumwi zija, m'chaka cha 1924, woyendera maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, monga Ethiopia, Kenya, Uganda, Tanganyika, Zanzibar ndi maiko awiri a Rhodesia. Paulendo umenewu adafikanso ku Nyasaland. Panthawiyo sukulu za m'dziko muno zidali m'manja mwa mamishoni, ndipo boma lidalibe ngakhale nthambi yoyang'anira maphunziro. Lipoti la nthumwizo litatuluka m'chaka cha 1925, boma lidakhazikitsa nthambiyo m'chaka cha 1926, ndipo posakhalitsa ku Domasi kudatsegulidwa sukulu ya Jeanes, yophunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi pamodzi ndi akazi awo. Mbali ya uthenga yokhudza moyo wa m'mudzi idatsatidwa msanga chotero, koma maphunziro apamwamba, amene Aggrey adali chitsanzo chake, adachedwa. Sukulu yoyamba ya sekondale, Blantyre Secondary School, idadza m'chaka cha 1940, ndipo yunivesite ya Malaŵi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, patapita zaka 40 chiyendereni Aggrey.

Kwawo ku Gold Coast zinthu zidayenda mwa mtundu wina. Bwanamkubwa Sir Gordon Guggisberg adafuna kumanga sukulu yaikulu ya boma pa Achimota, pafupi ndi Accra, yoyambira ana aang'ono mpaka maphunziro a ukachenjede. Mbusa Alexander Garden Fraser adasankhidwa kukhala mkulu wake, ndipo Aggrey adakhala mmodzi wa omuthandiza pa utsogoleri. Atafika ku Accra m'chaka cha 1924, akuluakulu ena a boma adafuna kuti Aggrey agone kwina, osati m'nyumba imodzi ndi aphunzitsi achizungu, koma Fraser adakanitsitsa kulowa m'nyumbamo popanda mnzakeyo.

Ntchito yaikulu ya Aggrey idali yokopa mitima ya anthu a kwawo, amene ankakayika kuti mwina sukulu ya bomayi idzapatsa ana awo maphunziro otsika, owabwezera kukhasu. Adayenda m'mizinda ndi m'midzi, nakhala pansi ndi mafumu ndi makolo, kuwatsimikizira kuti pa Achimota ana adzaphunzira zilankhulo ndi miyambo ya makolo awo, ulimi ndi ntchito za manja, pamodzi ndi maphunziro onse ofikitsa munthu ku yunivesite. Adalimbikiranso kuti atsikana aphunzire limodzi ndi anyamata, pofotokoza kuti wophunzitsa mwamuna waphunzitsa munthu mmodzi, pamene wophunzitsa mkazi waphunzitsa banja lonse. Sukuluyo idatsegulidwa pa 28 January 1927, ndipo chizindikiro chake ndi makiyi akuda ndi oyera a limba. Mmodzi wa anyamata amene adamva Aggrey akuphunzitsa ku Accra m'zaka zimenezo adali Kwame Nkrumah, amene adatsogolera Ghana ku ufulu m'chaka cha 1957. Pamalo pomwepo pa Achimota ndi pamene m'chaka cha 1948 padayambira koleji imene tsopano ndi University of Ghana.

Aggrey sadaone zipatso zimenezi. M'mwezi wa May 1927 adapita ku America kukaona banja lake ndi kukalemba buku lija la digiri ya Ph.D. Ali ku New York adadwala mwadzidzidzi matenda oumitsa khosi, ndipo adamwalira m'chipatala cha Harlem pa 30 July 1927 ali ndi zaka 51. Bukulo silidalembedwe. Mwana wake wotsiriza, Orison Rudolph, adali wa chaka chimodzi, ndipo atakula adakhala kazembe wa America ku Senegal, Gambia ndi Romania. Mbiri ya moyo wa Aggrey idalembedwa ndi mbusa Edwin W. Smith m'buku lotchedwa Aggrey of Africa, limene lidatuluka m'chaka cha 1929, ndipo m'chaka cha 2017 dziko la Ghana lidaika nkhope yake pa ndalama ya pepala ya 5 cedi. Thupi lake lidaikidwa ku Salisbury, mumzinda wa koleji yaing'ono ija imene idamusula ndiponso imene adaiphunzitsira kwa zaka pafupifupi 20.