Dokotala amene anakana kuti olumala azingodikira imfa

Anzanga, kuno ku Ntcheu bwato timangolimva. Mitsinje yathu timawoloka wapansi kapena pamlatho, ndipo kuti uone munthu atagwira nkhafi uyenera kutsikira kunyanja. Koma kumayiko ena kupalasa bwato ndi mpikisano weniweni ngati kuthamanga. Mabwato ake ndi aatali, owonda komanso opepuka. Amawandandalika pamzere, lililonse m'kanjira kake, n'kuyamba liwiro la mamita 200, 500 kapena 1,000. Mu 2016 ku Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil, anthu aulumali nawonso anapikisana pa mabwato a mtundu umenewu kwa nthawi yoyamba pa masewero awo akuluakulu otchedwa Paralympics. Mmodzi mwa omwe anapata mendulo ya golide anali Curtis McGrath, msilikali wa ku Australia amene anaduka miyendo yonse iwiri ataponda bomba lokwirira ku Afghanistan mu 2012. Ine ndikufuna ndikuuzeni za munthu amene analambula njira imeneyi, ngakhale mwiniwakeyo sanafike poona mabwatowo. Munthuyu ndi Dokotala Ludwig Guttmann.

A Guttmann anabadwa pa 3 July 1899 m'tauni ya Tost, yomwe nthawi imeneyo inali m'dziko la Germany. Anali Myuda. Ali mnyamata wa zaka pafupifupi 18, ongotiposa pang'ono ife, ankathandiza pa chipatala cha anthu ovulala m'migodi ya malasha. Kumeneko anaona mnyamata wamphamvu zake atathyoka msana. Madokotala anangomukulunga pulasitala n'kumugoneka pambali, poti ankati wothyoka msana palibenso chomuchitira. Patangopita masabata ochepa mnyamatayo anamwalira. Nkhaniyi sinawachoke m'mutu.

Anaphunzira udokotala n'kukhala katswiri wa ubongo ndi mitsempha mumzinda wa Breslau. Koma mu 1933 Hitler atatenga boma, madokotala achiyuda anachotsedwa m'zipatala za boma, ndiye iwo anapita kukagwira ntchito pa chipatala cha Ayuda. Usiku wa pa 9 November 1938, anthu a chipani cha Nazi anawotcha nyumba zopemphereramo za Ayuda, kuswa masitolo ndi kugwira amuna ambirimbiri. A Guttmann analamula kuti aliyense wothawira kuchipatalako amugoneke ngati wodwala, osamufunsa zambiri. Anafika anthu 64. Kutacha apolisi a Gestapo anabwera, ndipo dokotalayu anayenda nawo bedi ndi bedi, kumafotokoza matenda a munthu aliyense. Anthu 60 anapulumuka. Tangoganizani mtima wake, poti naye akanatha kutengedwa tsiku lomwelo!

Mu 1939 anathawira ku England pamodzi ndi mkazi wawo ndi ana awiri. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ili mkati, boma la Britain linawapatsa ntchito yosamalira asilikali ovulala msana pa chipatala cha Stoke Mandeville. Wodiyo inatsegulidwa mu February 1944.

Apa ndiye pandisangalatsa kwambiri ineyo. A Guttmann ankadziwa kuti chomwe chimapha anthuwa si msana wothyokawo ayi, koma zilonda zobwera kaamba kogonera mbali imodzi komanso matenda a m'chikhodzodzo. Ndiye analamula kuti wodwala aliyense azitembenuzidwa maola awiri alionse, usana ndi usiku, ndipo chubu chotulutsira mkodzo chizisamalidwa mwaukhondo. Anamwino ena ankadandaula kuti ntchito yachuluka, koma bamboyu sankasintha mawu. Anthu omwe ankayembekezeka kufa anayamba kukhala ndi moyo.

Komatu kupulumuka kokha sikunawakwanire. Ankafuna kuti anyamatawo abwerere kwawo n'kukagwira ntchito, osati kumangoyang'ana kudenga. Anayamba kuwapatsa mpira kuti aziponyerana ali pabedi, kenako masewero a pa njinga za olumala, kenako uta ndi mivi, chifukwa kukoka uta kumalimbitsa manja, mapewa ndi msana. Anali wovuta ndithu, waulesi sankamusekerera, koma odwalawo ankawatcha Poppa, ngati mmene ife timanenera kuti adadi.

Pa 29 July 1948, tsiku lomwe masewero a Olympics ankatsegulidwa ku London, iwo anakonza mpikisano wa mivi pabwalo la chipatala. Anapikisana anthu 16 basi, amuna 14 ndi akazi awiri. Mu 1952 kunabwera gulu lochokera ku Netherlands, ndipo mu 1960 masewerowa anachitikira ku Rome ndi anthu pafupifupi 400 ochokera m'mayiko 23. Amenewo ndiwo amawerengedwa kuti Paralympics yoyamba. Mfumukazi Elizabeth inawapatsa ulemu wa Sir mu 1966. Anamwalira pa 18 March 1980.

Patapita zaka 36 chimwalirireni, ku Rio kuja kunafika mabwato aja. Opalasa amaikidwa m'magulu atatu malinga ndi mmene miyendo ndi chiuno chawo zikugwirira ntchito, kuti mpikisano ukhale wachilungamo, ndipo onse amathamanga mamita 200. Ena mwa iwo ndi ovulala msana, anthu omwe kale akanangogonekedwa pambali ngati mnyamata wa kumgodi uja. Chaka chomwecho Malawi naye anatumiza munthu wake woyamba ku Paralympics, mtsikana wothamanga wa vuto la maso, Taonere Banda.

Nanga ife? Bwato tilibe, koma ngozi za pamsewu wa M1 ndi za njinga za kabaza timaziona, ndipo m'midzi mwathu alipo ogona pamphasa chifukwa cha msana. Ngati kwanu aliko, funsani achipatala za katembenuzidwe kake, musadikire zilonda. Chinanso ndi ichi. Nthawi ya masewero, mnzathu woyendera ndodo timakonda kumusiya pansi pa mtengo kuti azilondera zikwama ndi nsapato zathu, ife n'kumati tamuchitira chifundo. Kodi tinamufunsapo ngati akufuna kusewera? Kuponya nthungo kapena chitsulo kumatheka munthu atakhala pampando. Ndikupempha aphunzitsi a zamasewero ndi mapulifekiti kuti pokonza mpikisano wa teremu ino, mayina a anzathuwa alembedwe nawo, ndipo zikwama tizilondera mosinthana.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2